Mmene Mungasankhire Khola Loyenera la Timbalame ta Finch Toweta M'nyumba

Timbalame ta mtundu wa mpheta timene ogulitsa amatitchula kuti finch timakopa anthu ambiri chifukwa sitidya zambiri, sitisokosa ngati zinkhwe, ndipo kuimba kwake n'kokoma. Koma kuchepa msinkhu kwa timbalameti kumapusitsa. Munthu akaona zebra finch, kambalame kotalika masentimita 10 okha, amangoti kachikwere kalikonse kakwanira. Apa m'pamene oweta ambiri amalakwitsa. Chinkhwe mukhoza kuchitulutsa m'khola kuti chiwongole mapiko m'chipinda, koma finch sakonda kugwidwa ndipo sazolowera manja a munthu. Moyo wake wonse, womwe ungafike zaka zisanu kapena kuposerapo, udzathera m'khola limene mwamusankhira. Ndiye musamalire kwambiri mmene mbalameyo idzaulukire m'katimo kusiyana ndi mmene kholalo lidzakongoletsere pabalaza.

1. Dziwani mtundu wa mbalame ndi chiwerengero chake musanagule khola

Finch ndi mbalame yokhala m'gulu. Ikakhala yokha imangoti ndwii, n'kumaitana anzake tsiku lonse. Choncho yambani ndi ziwiri.

Mitundu imene imapezeka kawirikawiri kwa oweta ndi itatu. Zebra finch kwawo ndi ku Australia, ndi yolimba komanso yotakataka, koma ikapanikizika imayamba kuzula anzake nthenga. Society finch, imene ena amaitchula kuti Bengalese, ndi yofatsa ndipo imakonda kugona mothithikana ndi inzake. Gouldian, ya kumpoto kwa Australia, ili ndi nthenga zowala za mitundumitundu koma imamva msanga kuzizira, moti si yoyambira nayo ngati simunawetepo mbalame.

Ganiziraninso ngati mukufuna kuti ziziswana. Zebra finch yaikazi imaikira mazira anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo amaswa pakangotha milungu iwiri. Khola limene linali lokwanira mbalame ziwiri likhoza kukhala ndi mbalame zisanu ndi ziwiri m'miyezi iwiri yokha. Ngati simukufuna zimenezi, wetani zazimuna zokhazokha kapena zazikazi zokhazokha. Kusiyanitsa zebra finch sikuvuta: yaimuna ili ndi zigamba zofiirira m'masaya ndi mlomo wofiira kwambiri, pamene yaikazi ilibe zigambazo.

Gulani mbalame zobadwira m'khola kwa oweta. Timpheta tam'tchire togwidwa ndi ulimbo kapena msampha sitizolowera khola, ndipo tambiri timafa m'masiku oyambirira chifukwa cha mantha ndi kusadya.

2. Yang'anani mulitali, osati kutalika kopita m'mwamba

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Chinkhwe chimakwera mawaya pogwiritsa ntchito mlomo ndi zikhadabo, koma finch sakwera. Amauluka chopingasa, kuchoka panthambi ina kukatera pa inzake. Khola loonda lotalika ngati nsanja limaoneka lalikulu m'maso mwa munthu, koma mbalame zimangounjikana chakumwamba, theka lonse lam'munsi n'kukhala lopanda ntchito.

Tengani tepi yoyezera popita kogula. Khola la mbalame ziwiri lisachepere masentimita 75 mulitali, 45 mulifupi, ndi 45 kupita m'mwamba. Umenewu ndi muyezo wotsikitsitsa. Ngati malo ndi thumba zikulola, mita imodzi mulitali ndi yabwino koposa. Mbalame zikapitirira ziwiri, funani khola la masentimita 120 kapena kuposa apo. Oweta zebra finch amadziwa kuti mabanja awiri m'khola limodzi sachedwa kuyambana, chifukwa banja lamphamvu limapezerera linzake. Ndi bwino kukhala ndi banja limodzi, apo ayi mabanja atatu m'khola lalikulu ndithu.

Pewani makola obulungira. Mbalame ikachita mantha imafuna ngodya yoti ibisalepo, ndipo khola lobulungira lilibe ngodya. Komanso mawaya ake amakathinana pamwamba, pomwe chala kapena nthenga za kumchira zikhoza kupanika. Makola okhala ndi timadenga tosongoka ndi zokhotakhota zokongoletsa nawonso asiyeni. Khola la ngodya zinayi, lopanda zambiri, ndilo labwino.

Mbalame yosauluka mokwanira imanenepa, minofu ya pachifuwa imafooka, ndipo yaikazi imavutika poikira mazira. Mukaona mbalame zanu zikungodumpha osatambasula mapiko, dziwani kuti khola lachepa.

3. Yezani mipata ya pakati pa mawaya

Mpata wa pakati pa waya ndi waya usapitirire masentimita 1.2, ndipo sentimita imodzi ndi yabwino kwambiri. Makola ambiri aakulu amene mungawapeze m'sitolo anapangidwira zinkhwe, ndipo mipata yake ndi yotakasuka. Finch akhoza kutulukira pamenepo, kapena kulowetsa mutu n'kukanika kuubweza, zomwe ndi zoopsa kwambiri. Ngati mwaiwala tepi, yesani ndi chala chaching'ono. Chikalowa mosavuta, khola limenelo si lanu.

Musangoyeza malo amodzi. Yang'anani m'ngodya, m'mbali mwa chitseko, ndi pamene mawaya akumana ndi thileyi ya pansi, chifukwa m'menemo ndi momwe mumabisala mipata ikuluikulu. Yendetsani chala m'kati monse kuti mumve ngati pali waya wosongoka.

4. Funsani za chitsulo ndi penti

Chitsulo chosachita dzimbiri ndicho chabwino koposa, ngakhale kuti mtengo wake ndi wokwera. Chotsatira ndi khola la chitsulo chokutidwa ndi penti wowotchera kufakitale, amene sasupuka. Khola la dzimbiri kapena la penti wokanganuka musaligule, ngakhale alitsitse mtengo bwanji. Penti wakale akhoza kukhala ndi mtovu, umene ndi poizoni kwa mbalame.

Anthu ambiri amapangitsa khola kwa owotcherera zitsulo kapena kwa kalipentala, ndipo njira imeneyi ndi yabwino chifukwa mumalamula nokha muyezo. Uzani mmisiri kuti agwiritse ntchito waya wa sefa wa timabowo ta ngodya zinayi tosapitirira masentimita 1.2. Waya wa khola la nkhuku ndi wofewa, ndipo nthawi zambiri mabowo ake ndi aakulu. Waya wa sefa wambiri amaukuta ndi zinki kuti usachite dzimbiri, ndipo zinki nayenso amadwalitsa mbalame zikamujompha. Musanalowetse mbalame, kwechani wayayo ndi burashi yolimba ndi viniga, chotsani timibulu tonse ta chitsulo totsalira, tsukuluzani ndi madzi ambiri, kenako muumike padzuwa.

Khola lamatabwa lokhala ndi waya kutsogolo kokha limateteza bwino kumphepo ndipo mbalame zimamva kutetezeka. Vuto lake ndi loti m'ming'alu ya matabwa mumabisala utitiri, umene umatuluka usiku kudzayamwa mbalame magazi. Mukasankha lamatabwa, onetsetsani kuti ndi osalala, olumikizidwa bwino, komanso osapakidwa mankhwala a chiswe. Tizikwere tansungwi n'tokongola, koma sititsukika bwino ndipo khoswe amangotidula usiku umodzi.

5. Onani ngati mudzathe kulisamala tsiku ndi tsiku

Khola lovuta kutsuka limatopetsa mwini wake, kenako limayamba kukhala lauve. Funani lokhala ndi thileyi yosolola pansi. Isololeni muli m'sitolo momwemo, muone ngati ikutuluka osakakamira komanso ngati mbalame singatulukire pampata umene watsala. Yalani nyuzipepala pathileyipo ndipo muzisintha tsiku lililonse. Pepala limathandizanso kuona zitosi bwinobwino. Zitosi zikasintha mtundu kapena zikakhala zamadzimadzi, n'chizindikiro choyamba chakuti mbalame yayamba kudwala.

Pakhale chitseko chimodzi cholowa dzanja lonse ndi mbale yosambiramo, ndiponso tizitseko tina tating'ono toikira chakudya ndi madzi muli kunja. Mukamalowetsa dzanja m'khola pafupipafupi, mbalame zimadzidzimuka n'kumadziombetsa kumawaya. Chitseko chilichonse chikhale chotsekeka zolimba, makamaka ngati pakhomo pali ana aang'ono kapena mphaka.

6. Konzani m'kati mosiya njira youlukira

Khola lalikulu likadzaza ndi zidole limasanduka laling'ono. Ikani timitengo toterapo tiwiri, kena kumapeto kuno kena kumapeto uko, pakati pakhale pululu. Siyani danga pakati pa kamtengo ndi waya kuti mchira usamakhule mbalame ikamatembenuka. Kachitatu mukhoza kukaika m'munsi pafupi ndi chakudya.

Nthambi zachilengedwe zimaposa timitengo tapulasitiki tobwera ndi khola, chifukwa kusiyana makulidwe kwake kumalimbitsa zala. Sankhani zonenepa pafupifupi sentimita imodzi, za bulugamu, gwafa kapena nsungwi, zochokera pamtengo wosapoperedwa mankhwala, ndipo muzitsuke n'kuziumika. Mtengo wa mapeyala ndi poizoni kwa mbalame, kuyambira masamba mpaka chipatso chomwe. Timitengo tokutidwa ndi pepala lokhakhala timatupula mapazi, choncho musatigule.

Mbale ya chakudya ndi ya madzi zisakhale pansi pa kamtengo, kuopa zitosi. Finch amasenda njere iliyonse ndi mlomo, makoko n'kugwera m'mbale momwemo. Mbale imaoneka yodzaza pamene pamwamba ponse pali makoko okhaokha, ndipo kambalame kotere sikapirira njala nthawi yaitali. M'mawa uliwonse tulutsani mbaleyo, uzirani pang'ono kuti makoko auluke, muone njere zenizeni zimene zatsala. Mbalame zikachuluka ikani mbale ziwiri motalikirana, kuti yankhanza isatsekereze zinzake. Mangirirani fupa loyera la cuttlefish kuwaya kuti zizipezapo kashiamu, ndipo muziikamo mbale yosaya ya madzi osamba kangapo pamlungu. Chisa musaikemo pokhapokha ngati mukufuna ana.

7. Sankhani malo oika khola

Khola likhale pamalo okwera, kufika pachifuwa kapena m'maso mwa munthu woimirira, mbali imodzi itatsamira khoma. Mbalame zimaopa chinthu chozidzera kumwamba, choncho khola loikidwa pansi limazisowetsa mtendere. Pakhale powala, koma dzuwa lisawombe khola lonse, ndipo pasakhale podutsa mphepo pakati pa chitseko ndi zenera. M'nyumba yamalata yopanda siling'i musalipachike pafupi ndi denga, chifukwa m'nyengo yotentha pamenepo pamakhala ng'anjo. M'miyezi yozizira fundikani mbali zitatu ndi nsalu usiku.

Khitchini ayi. Mapapo a mbalame amakoka mpweya mwamphamvu kuposa athu, n'chifukwa chake anthu okumba malasha ku Britain ankalowa m'migodi ndi mbalame za canary kuti ziwachenjeze za mpweya woipa, mpaka m'chaka cha 1986. Utsi wa mbaula, wa fodya, wa khoyilo ya udzudzu, mankhwala opopera tizilombo, ngakhalenso nthunzi yochokera mupoto wosamatirira akatentha kwambiri, zonsezi zikhoza kupha finch m'kanthawi kochepa. Tsiku lopopera mankhwala m'nyumba, tulutsani khola ndipo musalibweze mpaka fungo litatheratu.

Njere zotayika pansi zimaitana makoswe ndi nyerere, choncho sesani pansi pa khola madzulo alionse. Mbalamezi zimafuna kugona mumdima maola 10 mpaka 12, ndiye ngati pabalaza TV imalira mpaka pakati pausiku, zipezereni chipinda china.

8. Malizani zonse mbalame zisanafike

Tsukani khola ndi madzi otentha ndi sopo, litsukuluzeni, liume. Ikani timitengo, chakudya ndi madzi, ndipo kholalo likhale kale pamalo ake. Bweretsani mbalame m'mawa kuti zione pamene pali chakudya kusanade, kenako zisiyeni masiku angapo osazisokoneza. Mukadzagula zina m'tsogolo, zisungeni m'khola lapadera kwa masiku 30 musanazisakanize ndi zakale, kuti ngati zabwera ndi matenda zisapatsire zinzake.

Ngati ndalama zimene muli nazo sizikwanira khola la muyezo woyenera ndi mbalame zomwe, gulani khola kaye. Mbalame mudzagula mwezi wamawa.