Jakisoni wa penicillin ali m'mitundu itatu

Anthu ambiri m'boma la Mangochi, kuchokera ku Makanjira kukafika ku Chembe, amaganiza kuti jakisoni aliyense wa penicillin ndi wofanana. Mankhwalawa, amene Alexander Fleming anawatulukira mu 1928, amabayidwa m'mitundu itatu. Mitunduyi imasiyana pa nthawi imene imakhala m'thupi, ndipo dokotala amasankha mtundu malinga ndi matenda.

Woyamba ndi benzylpenicillin, amene azaumoyo amamutchula kuti X-pen. Amafika m'magazi msanga, koma impso zimamutulutsanso msanga, motero amabayidwa maola 4 kapena 6 aliwonse, kawirikawiri mumtsempha. Amaperekedwa pa matenda aakulu monga chibayo chodetsa nkhawa ndi matenda oumitsa khosi. N'chifukwa chake wodwala wotere amagonekedwa m'chipatala, monga chachikulu cha Mangochi kapena cha Monkey Bay.

Wachiwiri ndi procaine penicillin. Amabayidwa mumnofu ndipo amagwira ntchito pafupifupi tsiku limodzi, choncho wodwala amalandira kamodzi patsiku mpaka masiku amene dokotala walemba atakwana.

Wachitatu ndi benzathine penicillin, woyera ngati mkaka komanso wokhuthala. Amabayidwa pathako n'kumasungunuka pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Ndiye mankhwala a chindoko: mayunitsi 2.4 miliyoni pa jakisoni mmodzi, ndipo chindoko chokhalitsa chimafuna majakisoni atatu, mmodzi pa sabata. Mayi woyembekezera amene wapezeka nacho kusikelo akapanda kulandira, mwana angathe kufera m'mimba kapena kubadwa nacho. Mwamuna wake ayeneranso kubayidwa, ngakhale ali kutali ndi usodzi, kuopa kupatsirananso. Ana amene mtima wawo unawonongeka chifukwa cha zilonda zapakhosi zosachizidwa amalandira jakisoniyu mwezi uliwonse kwa zaka zambiri.

Kusinthanitsa mitunduyi n'koopsa. Benzathine akalowa mumtsempha angaimitse mtima, ndipo mphamvu yake m'magazi ndi yochepa kwambiri moti sangachize matenda oumitsa khosi. Chinzonono nachonso sichimvanso penicillin masiku ano. Obaya anthu m'makomo ndi m'madoko opanda chilolezo sangasiyanitse zimenezi, ndiponso alibe mankhwala opulumutsira munthu amene thupi lake lakana penicillin.

Amene anatulukapo zidzolo, kutupa nkhope kapena kubanika atabayidwa kale auze wazaumoyo asanalandire jakisoni wina. Tsiku lobwereza limalembedwa m'buku lachipatala, ndipo liyenera kusungidwa ngakhale wodwala atayamba kupeza bwino.