Njinga Yamoto Ikakana Kulira

Ku Mchinji njinga yamoto ndi miyendo ya anthu ambiri. Imanyamula anthu kuchoka pa Boma kupita ku chipata cha Mwami, ndipo imafikitsa matumba a mtedza ndi soya pa Kamwendo. Ikakana kulira m'mawa, wa kabaza tsiku lamuthera.

Pali kukana kuwiri. Nthawi zina injini imazungulira koma osagwira. Pamenepo onani petulo ndi pulagi. Phunziro lino ndi la kukana kwinako: mwatsegula kiyi, mwadina batani, njinga ili zii.

Chimene chimazunguza injini poyamba ndi sitata, kamakina koyendera magetsi. Magetsiwo amachoka mu batire ya 12V. Ochepa amadutsa pa fyuzi, pa kiyi ndi pa batani, n'kukadzutsa kachitsulo kamene amakaniko amati solenoid. Kameneka kakatseka, magetsi ambiri amadutsa pa waya wonenepa kupita ku sitata. Njirayi ili ngati ngalande ya kudimba: pakatsekeka pamodzi, madzi safika kumunsi.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Batani lofiira lozimitsira injini lili pati? Ana amakonda kulisewera. Kodi nyali yobiriwira ya N yayaka? Njinga zina siziliza sitata zili m'giya, pokhapokha mutafinya kilatchi.

Kenaka lizani hutala. Ikalira mwamphamvu, batire ili ndi moyo. Ikalira mosasa mawu, kapena nyali zikamazilala mukadina batani, magetsi achepa. Koma musathamangire kugula batire. Ambiri amataya ndalama pomwepa. Tsegulani chivundikiro, mugwedeze mawaya awiri a pa mitu ya batire. Mabampu a msewu wa fumbi amamasula timabauti pang'onopang'ono. Mwina mupeza zoyera ngati ufa zitamatirira pamutupo. Masulani waya wa chizindikiro cha (–) poyamba, kenaka wa (+). Palani mitu mpaka chitsulo chiwale. Pobwezera yambani ndi wa (+), ndipo mumange zolimba.

Batire imathanso chifukwa cha maulendo afupiafupi. Kuliza njinga kumadya magetsi ambiri, ndipo ulendo wa pafupi suwabwezera onse. Onjezanipo kutchaja mafoni ndi kuliza nyimbo injini itazima. Kuzizira kwa mu June ndi July kumangomalizitsa batire imene yafooka kale. Makaniko akaiyeza, yabwino imaonetsa pafupifupi 12.6V.

Ngati hutala ndi nyali zonse zafa, onani fyuzi. Kawirikawiri imakhala pafupi ndi batire. Kawaya ka m'kati kakaduka, ikani ina ya nambala yomweyo. Ena amapiringizapo waya wamba. Kuteroko n'kuitana moto, chifukwa fyuzi imapsa dala kuti mawaya enawo apulumuke. Yatsopano ikapsanso, pali waya wosupuka amene akukhudza chitsulo.

Mukamva "tha!" kamodzi kokha mukadina batani, koma batire ili bwino, vuto likhoza kukhala mu solenoid kapena mu sitata. Imeneyo ndi ntchito ya makaniko. Pakadali pano pondani kiki, chifukwa njinga zambiri zimalira ndi kiki ngakhale batire itafooka.

Kiki ikauma gwa osatsika, musaikakamize. Onani oyilo. Ndipo ngati dzulo munawoloka madzi akuya ku Bua kapena ku Rusa, mwina alowa mu injini. Ikankheni njingayo mpaka kwa makaniko.