Mafunso ndi Mayankho: Kodi Dipatimenti ya Zaumoyo Imachita Chiyani Ngati Sichiza Odwala?

Tiyambe ndi kalata ya mayi ena a ku Mchinji. Akuti: "Adokotala, mwana wanga akugwira ntchito ku dipatimenti ya zaumoyo ya chigawo cha Massachusetts ku America, koma akuti sakumana ndi odwala. Ndiye akuchita chiyani kumeneko?"

Mayi, mtima m'malo, mwana wanu sakukunamizani. Chipatala chimadikira kuti munthu adwale n'kubwera yekha. Dipatimenti ngati imeneyo imafufuza chifukwa chimene anthu a msewu umodzi atsegulira m'mimba sabata imodzi. Ku America chigawo chilichonse chili ndi yake, ndipo mphamvu zambiri pa nkhani ya thanzi la anthu zili m'manja mwa zigawozo osati ku Washington.

Ya ku Massachusetts inayamba mu 1869, ndipo tcheyamani wake woyamba anali Dr Henry Bowditch. Koma amene anaiyambitsa m'maganizo ndi Lemuel Shattuck, munthu amene sanali dokotala n'komwe. Anali mphunzitsi, kenako wogulitsa mabuku. Iyeyu analimbikira kuti pakhale lamulo lolemba m'kaundula ana obadwa ndi anthu omwalira, ndipo linadutsa mu 1842. Mu 1850 anatulutsa lipoti lokhala ndi malangizo 50 okhudza madzi, zimbudzi, nyumba, katemera ndi zakudya. Aphungu analiika pambali, ndipo Shattuck anamwalira mu 1859 asanaone chipatso chake. Ine zimandikhudza kuti iyeyu anayambira pa kuwerenga maliro. Boma limene silidziwa amene wamwalira, kumene wamwalirira ndi chimene chamupha, silingadziwe koyambira ntchito.

Lero dipatimentiyi imasunga kaundula uja, ili ndi labotale yoyeza matenda opatsirana, imapereka ziphaso kwa anamwino komanso imayendera nyumba zosamalira okalamba. Kuyambira mu 1963 lamulo limati khanda lililonse litengedwe kadontho ka magazi pachidendene kuti aone ngati lili ndi matenda ena obadwa nawo. Mwana wanu ayenera kuti ali pa imodzi mwa ntchito zoterezi.

Bambo ena a ku Chipata akufunsa: "Tiuzeni chinthu chimodzi chogwirika chimene anthu a m'maofesiwa anachita."

Bambo, mvetserani za mtsinje wa Merrimack. M'mbali mwake muli mizinda iwiri ya mafakitale a nsalu, Lowell kumtunda, Lawrence kumunsi. Yonse inkamwa madzi a mumtsinjewo, ndipo Lowell inkatayiramo zonyansa za m'zimbudzi zake. Mu 1890 ndi 1891 tayifodi inabuka ku Lowell, posakhalitsa inafika ku Lawrence. A zaumoyo anatuma William Sedgwick, katswiri wa sukulu ya ukachenjede ya MIT. Iye anatsata matendawo mpaka pa kamtsinje ka Stony Brook, kamene kamathira mu Merrimack kumtunda kwa pamene Lowell inkatungira madzi, ndipo anapeza kuti chimbudzi cha odwala tayifodi chinkagwera m'madzimo.

Mwayi wake unali wakuti kuyambira mu 1887 bungwe la zaumoyoli linali ndi malo oyeserapo kasefedwe ka madzi ku Lawrence komweko, motsogozedwa ndi injiniya Hiram Mills. Iwo anali ataona kale kuti madzi akamadutsa pang'onopang'ono mumchenga, tizilombo tambiri timatsalira. Mu 1893 mzinda wa Lawrence unamanga sefa yaikulu ya mchenga, ndipo imfa za tayifodi zinatsika kwambiri. Kumbukirani kuti nthawi imeneyo kunalibe mankhwala ochiza tayifodi, ndipo kuthira kolorini m'madzi a mzinda wonse kunadzayamba mu 1908 ku Jersey City. Anthu anapulumuka ndi mchenga, komanso ndi anthu akhama amene anayenda m'mbali mwa mtsinje kusuzumira zimbudzi. N'chifukwa chake sindifuna kumva munthu akunyoza wa zaumoyo amene wabwera pakhomo kudzaona chitsime.

Kalata yomaliza ndi ya mphunzitsi wina wa ku Ntcheu: "Kodi boma lili ndi ufulu wokakamiza munthu kubayitsa katemera?"

Aphunzitsi, funso limeneli linafika kukhoti kuchokera ku Massachusetts komweko. Nthomba itavuta mu 1902, a zaumoyo a mzinda wa Cambridge analamula kuti aliyense abayitse. M'busa wina, Henning Jacobson, anakana ponena kuti katemera anamudwalitsa ali mwana ku Sweden. Anamulipitsa chindapusa cha madola 5. Mu 1905 khoti lalikulu la America linagamula, majaji 7 kutsutsana ndi 2, kuti chigawo chili ndi mphamvu yoika lamulo lotere pofuna kuteteza anthu. Koma majajiwo anachenjezanso kuti lamulolo lisagwiritsidwe ntchito mwankhanza, makamaka pa munthu amene katemerayo angamuvulaze. Jacobson sanamugwire manja kuti amubaye. Chilango chake chinali chindapusa chija basi.

Nthawi yatithera. Makalata otsalawa tidzawayankha sabata yamawa.