NDERE: MBONI YA MADZI OIPA

Aliyense amene anafikapo ku Senga Bay nyengo ya dzinja anaona momwe madzi amatope a mtsinje wa Linthipe amalowera m'nyanja. Linthipe amalandira madzi a mtsinje wa Lilongwe, omwe amadutsa m'minda ndiponso mumzinda wa Lilongwe, m'mene muli mafakitale ndi zimbudzi zambiri. Kodi tingadziwe bwanji ngati madzi otere ayamba kuwononga nyanja yathu? Yankho limodzi lili mu ndere.

Kodi ndere zimenezi n'chiyani?

Mwa ndere zobiriwira zimene timaona m'madzi muli gulu lina lotchedwa cyanobacteria. Izi si zomera ayi. Ndi mabakiteriya, koma amadzipangira chakudya ndi kuwala kwa dzuwa monga chimachitira chimanga. Ena, monga Anabaena, amatha kutenga nayitrojeni kuchokera mumpweya. Choncho akangopeza fosiforasi wochokera ku feteleza, sopo kapena zonyansa za m'mafakitale, amaswana msanga kuposa anzawo.

Zimachitira bwanji umboni?

Katswiri amatunga madzi m'botolo, nawayang'ana pa maikulosikopu, nawerenga mitundu ya ndere imene ilimo. M'madzi abwino mumakhala mitundu yambiri, koma palibe umene umachuluka mopambanitsa. M'madzi oipa mitundu yosalimba imatha, ndipo iwiri kapena itatu yokha ndiyo imadzaza ponseponse. Kuyeza mankhwala kumatiuza za tsiku lomwelo basi, pamene ndere zimaulula zimene zakhala zikuchitika kwa masabata angapo, chifukwa zimakhala m'madzimo usana ndi usiku.

Akatswiri a pulojekiti ya SADC/GEF, amene ankagwira ntchito ku Senga Bay, analemba m'chaka cha 1999 kuti kum'mwera kwa nyanja mitundu ya ndere inali kusintha, ndipo kunapezeka Cylindrospermopsis raciborskii, mtundu umene umatha kutulutsa poizoni.

Kuopsa kwake

Poizoni wina wa ndere, wotchedwa microcystin, amawononga chiwindi, ndipo kuwiritsa madzi sikumuchotsa. M'chaka cha 2020 njovu zoposa 300 zinafa ku Botswana, ndipo boma la kumeneko linati chinazipha ndi poizoni wa cyanobacteria. Komanso ndere zikafa zambiri nthawi imodzi zimaola ndi kumaliza mpweya wa m'madzi, nsomba n'kufa. Msodzi wa usipa ndi chambo ndiye woyamba kulira.

Tichitepo chiyani?

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mafakitale ndi feteleza tikuzifuna ndithu, koma matope ake tiwasamale. Fakitale iliyonse iyeretse madzi ake isanawataye. Makolo athu asalime mpaka m'gombe la mtsinje, ndipo bango ndi mitengo zisiyidwe kuti zigwire dothi. Ife anyamata, tikaona madzi obiriwira ngati penti, tisasambemo, tisamwetsemo ziweto, ndipo tikauze alangizi a zaumoyo kapena a za nsomba.