Kodi Nchikondi Chiti Chimene Chimatsala Mphika Ukazizira?

1, 2. (a) Kodi maukwati a mapoto anayamba motani m'makomboni a Salisbury? (b) Kodi iwo amadzutsa funso lotani?

KWA mbali yaikulu ya zaka za zana la 20, amuna zikwi zambiri a ku Nyasaland, imene tsopano ili Malaŵi, anatsikira kummwera kukafuna ntchito ku Salisbury, mzinda umene unatchedwa Harare mu 1982. Ambiri anafikira m'komboni ya Harari, yokhazikitsidwa mu 1907, imene lerolino ikutchedwa Mbare. Kumeneko nyumba zosanja zonga Matapi ndi Nenyere zinamangidwira amuna okhala okha, popeza kuti boma la atsamunda linaona mzindawo kukhala malo a antchito, osati a mabanja awo. Akazi ndi ana anatsala kumudzi akumayembekezera makalata, ndipo amuna amene sanabwererenso anatchedwa machona.

2 M'mikhalidwe imeneyo munabuka maukwati otchedwa mapoto. Mwamuna ndi mkazi ankayamba kukhalira pamodzi popanda ankhoswe, popanda malowolo, ndiponso popanda kulembetsa ku boma. Mwamuna ankabweretsa ufa ndi ndalama, ndipo mkazi ankaphika ndi kuchapa. Umphaŵi ndi kusukidwa nzimene zinakankhira ambiri m'zimenezo, ndipo ena anakhalirana kufikira imfa. Komabe, kaŵirikaŵiri ntchito ikatha, chigwirizanocho chinkatheranso pomwepo. Dzina lake lenilenilo linaulula maziko ake, ndiwo mphika. Chotero funso nlakuti: Kodi munthu angakonde Mulungu mwa njira imodzimodziyo, malinga ngati mphika uli pamoto?

Malo Oyenera a Chikondi cha Mwamuna ndi Mkazi

3. Kodi nchiyani chimasonyeza kuti chikondi cha mwamuna ndi mkazi sichili choipa mwa icho chokha?

3 Baibulo silimatsutsa kukondana kwa mwamuna ndi mkazi. Mlengi mwiniyo ndiye anapereka mkazi woyamba kwa mwamuna wake. (Genesis 2:22-24) Yakobo anagwirira Labani ntchito zaka 7 kuti akwatire Rakele, ndipo chifukwa cha kumkonda nyengo yonseyo inamfupikira. (Genesis 29:20) Buku lathunthu, Nyimbo ya Solomo, limatamanda kukhulupirika kwa namwali Msulami kwa wokondedwa wake. Ndithudi, chikondi chotero chili mphatso yochokera kwa Mulungu.

4. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa eʹros ndi a·gaʹpe?

4 Ngakhale zili choncho, nkochititsa chidwi kuti liwu lachigiriki la chikondi cha kukopeka, eʹros, silinagwiritsiridwe ntchito ndi kamodzi komwe ndi olemba Mauthenga Abwino ndi makalata a atumwi. Liwu limene iwo anagwiritsira ntchito koposa ndilo a·gaʹpe. Eʹros amadzutsidwa ndi chimene diso laona ndipo amafuna kukhala nacho. A·gaʹpe, monga momwe atumwiwo anamfotokozera, amafuna ubwino wa winayo kaya pali chobwezera kapena palibe. Woyambayo amafunsa chimene adzalandira. Wachiŵiriyo amafunsa chimene angapereke.

5. Kodi nkhani ya Amnoni imaphunzitsanji?

5 Pamene kukopeka kwasiyidwa kokha popanda chokutsogolera, zotulukapo zake zingakhale zomvetsa chisoni. Amnoni, mwana wa Mfumu Davide, analakalaka mlongo wake Tamara kufikira anadwala, ndipo iye anatcha zimenezo chikondi. Koma atangomgwirira, anamuda kwambiri kuposa mmene anamfunira, nalamula mnyamata wake kuti amtulutse ndi kutseka chitseko. (2 Samueli 13:1-17) Amnoni sanakonde Tamara; anakonda chikhumbo chake. Akale ananena zoona kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kukonda Mulungu Chifukwa cha Mkate

6, 7. (a) Kodi nchifukwa ninji khamu linafunafuna Yesu ku Kapernao? (b) Kodi mzimu umodzimodziwo umaonekera motani lerolino?

6 Mzimu wa mapoto ungaloŵe ngakhale m'kulambira. Yesu atadyetsa amuna pafupifupi 5,000 ndi mikate isanu ndi nsomba ziŵiri, khamu linakwera ngalaŵa m'maŵa mwake kukamfuna ku Kapernao. Kodi chimenecho chinali chikondi? Yesu anawauza mosabisa kuti anamtsatira chifukwa chakuti anadya nakhuta. Ndipo pamene anawaphunzitsa zinthu zovuta kulandira m'malo mwa kuwapatsanso chakudya, ambiri a ophunzira ake anabwerera, osayendanso naye. Petro ndi anzake anatsala, popeza anadziŵa kuti panalibe wina woti angapiteko kaamba ka mawu opatsa moyo.—Yohane 6:10-13, 24-26, 66-69.

7 M'makomboni a Harare, monga m'mizinda ina yambiri ya Afirika, sikovuta kupeza alaliki olonjeza ntchito, ukwati, galimoto, kapena chitupa chopitira ku Johannesburg kwa aliyense wopereka ndalama zochuluka. Munthu wosauka amene amakopeka nazo sayenera kusekedwa, pakuti njala imaŵaŵa. Komabe, ngati iye apereka kokha kuti alandire zoposa, ndipo asamuka kuchoka pa guwa lina kumka pa lina pamene lonjezo lachedwa, kodi sakuchita ndi Mulungu monga momwe wokwatira wa mapoto anachitira ndi mnzake?

8. Kodi Yobu anatsutsa motani chinenezo cha Satana?

8 Chimenechi ndicho chinenezo chimene Satana anadzutsa ponena za Yobu. Iye anaumirira kuti mwamunayo anatumikira Yehova chifukwa cha chuma ndi chitetezo, ndi kuti zimenezo zitachotsedwa akamtukwana. M'tsiku limodzi Yobu anataya nkhosa 7,000, ngamila 3,000, ng'ombe ndi abulu, limodzi ndi ana ake khumi. Pambuyo pake thupi lake linadzala zilonda, ndipo mkazi wake wosweka mtimayo anamfulumiza kuti aleke kukhulupirika. Yobu analira, anadandaula, ndipo nthaŵi zina analankhula mosalingalira bwino, koma sanamsiye Mulungu wake. (Yobu 1:3, 9-22; 2:7-10; 27:5) Mphika unazizira kotheratu, koma chikondi chinatsala.

Pamene Chiyeso Chafika Pakhomo

9, 10. (a) Kodi ndi mavuto otani amene anagwera makomboni a Harare kuyambira mu 2005? (b) Kodi Habakuku anapereka chitsanzo chotani?

9 Ana ndi adzukulu a machona aja, amene ambiri a iwo amakhala ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara, adziŵa ziyeso zofananazo. Mu May 2005, m'kati mwa ntchito yotchedwa Murambatsvina, nyumba zakuseri ndi timisika zinagwetsedwa, ndipo lipoti la United Nations linayerekezera kuti anthu 700,000 m'dzikomo anataya pokhala kapena popezera zofunika za moyo. Mu 2008 ndalama inatha mphamvu kwakuti mu January 2009 panatuluka pepala limodzi la madola 100 thiriliyoni. M'nyengo imodzimodziyo kolera inakantha kwambiri Budiriro ndi Glen View, ndipo m'dziko lonselo inapha anthu oposa 4,000.

10 Nthaŵi zotero zimavumbula chimene chikondi cha munthu chazikidwapo. Tayerekezerani tate amene wapemphera kwa miyezi yambiri, komabe malipiro ake sakugula ndi mkate womwe. Ngati iye anatumikira Mulungu kaamba ka madalitso akuthupi okha, adzaganiza kuti wanyengedwa. Koma mneneri Habakuku, poyang'anizana ndi kuukira kwa Akasidi, anatsimikiza kuti akakondwerabe mwa Mulungu wake ngakhale minda italephera kubala ndi makola atakhala opanda zoŵeta. (Habakuku 3:17, 18) Chimwemwe chake chinali mwa Wopatsayo, osati m'zopatsidwazo.

11. Kodi nkulakwa kuyembekezera mphotho yochokera kwa Mulungu?

11 Zimenezi sizikutanthauza kuti nkulakwa kupempha chakudya cha tsiku ndi tsiku kapena kuyembekezera mphotho, pakuti Malemba amalimbikitsa zonse ziŵirizo. (Mateyu 6:11, Ahebri 11:6) Mwana wokonda atate wake amadyadi chakudya cha atatewo, koma samaleka kukhala mwana pamene nkhokwe yatha. Mphotho ili chipatso cha unansiwo, osati muzu wake.

Kukulitsa Chikondi Chopanda Dyera

12. Kodi chikondi cha pa Mulungu chimakula motani, ndipo chimaonekera motani?

12 Chikondi chimenechi chimayamba mwa kusinkhasinkha kuti Mulungu ndiye anayamba kukonda anthu, akumapereka Mwana wake pamene iwo analibe kanthu kombwezera. (Aroma 5:8; 1 Yohane 4:10, 19) Mkristu amachita bwino kupenda mapemphero ake: kodi onse ali opempha, kapena mulinso kuyamika? Ndiyeno chikondicho chimaonekera m'zochita. Mkazi wamasiye amene anaponya timakobiri tiŵiri m'chosungiramo zopereka cha kachisi sanali kugula kanthu, ndipo Yesu anati anaposa olemera onse. (Marko 12:41-44) Mofananamo, mlongo amene amatungira madzi mbale wokalamba wa ku Tafara, wopanda achibale ndi woti sangambwezere kanthu, akusonyeza kuti amakonda Mulungu amene sanamuone.—1 Yohane 4:20.

13, 14. Kodi kukonda Mulungu kumalimbitsa motani ukwati?

13 Chikondi cha pa Mulungu sichimazimitsa chikondi cha m'banja. M'malo mwake chimachichirikiza. Mnyamata kapena mtsikana wokonda Mulungu samafunsa kokha ngati wotomeredwayo ali wokongola kapena ali pantchito, koma ngati aŵiriwo adzathandizana kukhala okhulupirika. Awo okhalira pamodzi popanda chomangira chilichonse amasonkhezeredwa kulungamitsa ukwati wawo, kuti ukhale wolemekezeka. (Ahebri 13:4) Ndipo mwamuna amene wapita kutali kukagwira ntchito amakumbukira kuti mkazi wotsala kumudziyo ali thupi limodzi ndi iye.—Aefeso 5:25, 28.

14 Nkhope zimakwinyika, ntchito zimatha, ndipo ndalama ingasanduke pepala wamba, monga momwe okhala mu Harare anaonera mu 2008. Koma mwamuna ndi mkazi amene aphunzira kukonda Mulungu popanda kuŵerengera phindu amadziŵanso kukhalirana pa tsiku limene pamafuwa sipanayake moto.

Mafunso Obwereza

□ Kodi eʹros amasiyana motani ndi a·gaʹpe?

□ Kodi mzimu wa mapoto ungaloŵe motani m'kulambira?

□ Kodi Yobu ndi Habakuku anasonyezanji ponena za chikondi cha pa Mulungu?

□ Kodi kukonda Mulungu kumathandiza motani okwatirana?