Nzeru zachibadwa zimatifikitsa pati?

Pali zinthu zimene timadziwa osaziphunzira m'kalasi. Mitambo ikada cha kuphiri la Ntchisi, timayanula ufa pamphasa. Munthu amene anabweza khasu lothyoka osanena kanthu sitimubwerekanso njinga. Izi timazitcha nzeru zachibadwa, ngakhale kunena zoona sitibadwa nazo. Zimaunjikana kuchokera pa zimene ife ndi makolo athu taona zikubwerezabwereza, ndipo pa zinthu zooneka ndi maso sizitinamiza kawirikawiri.

Vuto limabwera pamene choyambitsa chinthu chili chobisika. Tiyeni tiganizire za malungo. Kuno ku Malomo ambiri tinakula tikumva kuti mwana akavumbwa ndi mvula kapena akadya mango ambiri adwala malungo. Amene ankanena izi sanali opepera ayi. Anaona bwino kuti malungo amachuluka m'dzinja. Chimene diso silikanaona n'chakuti mvula yomweyo imasiya zithaphwi momwe udzudzu wa Anopheles umaswana. Panafunika makina okuza tinthu ting'onoting'ono kuti mu 1897, ku India, Ronald Ross apeze kachirombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu.

Kusiyanaku si kwa m'mabuku chabe. Kholo likamaimba mlandu mango, limaletsa mwana zipatso koma neti n'kukatchingira mbewu kudimba. Chinanso, chimene mwina tonse tinachitapo: mwana walandira LA kuchipatala, tsiku lachiwiri thupi lazizira, wayamba kusewera. Mumtima timati wachira, otsalawo tisungire tsiku lina, poti chipatala n'kutali. Kuganiza kotere kumamveka kwanzeru ndithu. Koma LA amamwa kasanu n'kamodzi pa masiku atatu, chifukwa kutentha thupi kumatha tizirombo tisanathe m'magazi. Akalekeza panjira, malungo angathe kubwerera.

Sitikunena kuti titaye nzeru za kwathu. Mayi amene wazindikira usiku kuti kulira kwa mwanaku si kwa masiku onse, n'kumubereka osadikira kuche, watsogozedwa ndi nzeru zomwezi, ndipo palibe makina akanamuuza msanga choncho. Zamufikitsa pakhomo la chipatala. Kuyambira pamenepo, kadontho ka magazi ndiko kanene ngati ali malungo.

Tikambirane: ndi chiyani china chimene m'mudzi mwathu "aliyense amachidziwa", koma sitinachifufuzepo patokha? Nanga tingawauze bwanji agogo athu za udzudzu popanda kuwachititsa manyazi pamaso pa zidzukulu zawo?