ZA KUPHUNZITSA ANA KULEMBA ZA BUKU LIMENE AWERENGA

Mau awa ndilembera inu aphunzitsi a m'midzi, ndi inunso makolo amene muyang'anira ana madzulo pamene alikulemba nchito ya ku sukulu. Pali cinthu cimene candibvuta mtima zaka zambiri. Mukapatsa ana buku la nkhani, aliwerenga mokondwa, ena osamva ngakhale poitanidwa kunsima. Koma mukati, Tsopano lembani cimangirizo ca buku limeneli, onse pamodzi akubwezerani nkhani yomweyo munawapatsa, kuyambira tsamba loyamba kufikira lotsiriza, yofupika ndi yopunduka. Mwana ayesa kuti wagwira nchito, pakuti dzanja lamuwawa. Koma sanalembe kanthu ka iye mwini. Wangonyamula katundu wa eni ace pakhomo ili, namtula pakhomo ilo.

Mlandu suli wa ana iai. Ife sitinawauze bwino cimene cimangirizo ciri.

Taganizani za bwalo la mfumu. Munthu akaimirira pamenepo sayamba ndi kubadwa kwa agogo ace, kapena maina a ng'ombe zonse za m'mudzi. Anena mau amodzi olunjika, nati, Ng'ombe za uje zinadya cimanga canga. Atatero aitana mboni, wina amene anaona ng'ombe, wina amene anaona mapazi ace m'munda. Ndipo mnzace akakana, iye samtukwana, koma amyankha. Cimangirizo ca buku ciri cotero. Mwana ali ndi mlandu umodzi woti anene za bukulo. Mboni zace ndizo zocitika za m'buku momwemo. Ndipo ayenera kuyankha munthu amene angamtsutse. Mwana wa m'mudzi adziwa kale zimenezi, popeza wakhala kumbuyo kwa akuru pabwalo. Mukayamba pamenepo simudzabvutika.

Buku lakale la m'cinenero cathu limene liyenera nchito yotere ndilo Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Linapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zinenero za Afrika, nilisindikizidwa m'caka ca 1933. Ndipo m'caka ca 1934 T. Cullen Young analitembenuza m'Cingerezi, nalicha Man of Africa. Mlembi atsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwace kufikira imfa yace, ubwana wace wopulupudza, ulendo wace wa kunja kukafuna nchito, kubwera kwace kumudzi, ndi kutembenuka mtima kwace. Amene ali nalo m'bokosi alisunge bwino, nalibwereke kwa mphunzitsi. Funso labwino pa buku limeneli ndi ili: Kodi mlembi, pokhala munthu wa pa misyoni, anena za miyambo ya m'mudzi monyoza kapena mwaulemu? Funso lotere mwana sangaliyankhe pongobwereza nkhani. Afunefune m'masamba, napeze mboni.

Koma ife a kuno kwa Wimbe tiri ndi mwai umene anzathu a kwina alibe, pakuti liripo buku lowerengedwa ndi ana a maiko ambiri limene nkhani yace inacitika pakhomo pathu pomwe. Ndinena buku la William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, limene analemba pamodzi ndi Bryan Mealer, dzina lace The Boy Who Harnessed the Wind. Linaturuka m'caka ca 1987 iai, pakuti cimeneco ndico caka ca kubadwa kwa mwini wace. Buku linaturuka m'caka ca 2009, ndipo m'caka ca 2015 anaturutsa lina lofewa la ana a sukulu. (Ndachula zaka zonse dala, popeza ana azisokoneza kawirikawiri.) Si nthano yopeka; ndi mbiri ya munthu wamoyo. Koma inakonzedwa monga nkhani, yokhala ndi poyamba, pakati ndi potsiriza, ndipo alembi anasankha zoti anene ndi zoti asiye. Paliponse pamene mlembi wasankha, pamenepo mwana angathe kufunsa cifukwa cace.

Nkhani yace mwaidziwa. Mnyamata, mwana wa mlimi wa cimanga ndi fodya, analeka sukulu ya sekondale m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002 posowa ndalama zolipira. Anayamba kubwereka mabuku m'kanyumba ka mabuku pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe, napeza limodzi lochedwa Using Energy, lokhala ndi cithunzi ca makina a mphepo pacikuto. Ndipo anatola zitsulo zotayidwa, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakufa ya atate wace ndi dainamo, naimika nsanja ya mitengo ya bulugamu, nayatsa nyali ya magetsi ndi mphepo, ali ndi zaka 14. Onani, ndafotokoza zonse m'mizere yowerengeka. Mwana amene adzaza masamba atatu ndi zimenezi sanayambe nchito, wangosesa pabwalo.

Tsono tiyese funso leni leni. Buku lonena za magetsi liyamba ndi nkhani za ufiti ndi mankhwala. Mnyamata aopa sing'anga cifukwa ca zotafuna zimene anadya osadziwa kuti nzakuba. Pambuyo pace alola mnzace kumtema mphini pa zala kuti alandire mangolomera, nakhale ndi mphamvu zoposa anzace. Ndipo poyesa mphamvuzo pa mnyamata wamkuru, amenyedwa kolapitsa. Funsani ana kuti, Nanga alembi anayambiranji ndi zimenezi? Bwanji sanayambe ndi tsiku la kupeza buku?

Musafulumire kuwayankha. Mphunzitsi amene aopa kukhala cete sadzamva konse maganizo a ana ace. Ena adzati, Cifukwa zinacitika poyamba. Yankho limeneli silikwana, pakuti zambiri zinacitika poyamba zimene sizinalembedwe. Wina adzati, Kuti azungu aseke. Musamdzudzule ameneyo, wanena cinthu coyenera kuciyesa, ndipo ngati angathe kupeza mboni, alembe. Koma kawirikawiri pakhala mmodzi amene adzati, Mnyamata uja anafuna mphamvu kawiri. Koyamba anaifuna kwa mankhwala nanyengedwa, kaciwiri anaifuna m'buku naipeza. Pamenepo imani. Lembani mau amenewo pabolodi, pakuti mlandu wapezeka.

Mboni zace nziti? Yoyamba ndiyo mangolomera aja. Yaciwiri ndiyo tsiku limene nyali inayaka pamaso pa anthu amene anali kumucha wamisala. Ndipo pali yacitatu imene ana ambiri saiona: pamene mvula inabvutanso pambuyo pace, anthu ena ananena kuti makina ace ndiwo alikuingitsa mitambo. Mboni imeneyi iri yobvuta, pakuti ioneka ngati itsutsa mlandu. Isonyeza kuti nyali ingayake m'nyumba, mantha akale nakhalabe panja. Mwana waulesi aibisa. Mwana wophunzitsidwa bwino aiturutsa poyera, nati, Inde, mnyamata anasintha, koma mudzi sunasinthe tsiku limodzi, ndipo alembi sanafune kutinamiza. Cimangirizo cokhala ndi mau otere ciposa cina cosalala cimene mulibe cotsutsa.

Ndime iri yonse isenze mboni imodzi. Mwana anene cocitikaco mwacidule, achule tsamba pamene ciri, ndipo pomwepo afotokoze cimene citsimikiza. Apa ndipo agwa ambiri: aitana mboni, naisiya iri ciimire osaifunsa kanthu. Inu mudziwa kusankha fodya. Munthu saturutsa masamba onse m'cigafa ndi kuwaponya m'belo limodzi, apansi ndi apamwamba, owala ndi akuda. Akatero, ku Chinkhoma belo lace lidzamcititsa manyazi. Ayang'ana tsamba liri lonse, naliika pa mnzace wofanana nalo, nataya lobvunda. Momwemo mwana asankhe zocitika zitatu kapena zinai zokha zogwirizana ndi mlandu wace. Zina, zingakhale zokoma, azisiye m'buku.

Ndikhale pang'ono pa nkhani ya galu, pakuti pamenepo ndinaphunzira ine mwini. M'kati mwa njala, pamene a pabanja anali kudya kamodzi pa tsiku, ndipo anthu anali kufunafuna ganyu ndi gaga, galu wa mnyamatayo, dzina lace Khamba, anaonda kufikira sanathe kuyenda bwino. Mnyamata anapita naye kuthengo, namsiya womangidwa pamtengo. Pobwera anampeza atafa. Caka cina ndinafunsa ana kuti, Anthu anafa ambiri m'njala ija. Nanga alembi ataya bwanji masamba pa galu? Ndinali ndi yankho langa lokonzeratu, la cifundo kwa zoweta, ndipo ndinali kulindira kuti wina alinene. Koma mtsikana wina wosalankhulalankhula analemba kuti imfa za anthu ambiri mtima sungathe kuzinyamula, koma imfa ya galu mmodzi wodziwika dzina ilowa. Ndi kuti njala iipa koposa pamene ikakamiza munthu kucitira coipa cimene acikonda. Anaonjeza kuti mnyamata sanadzikometse, pakuti akadatha kubisa kuti anamsiya womangidwa pamtengo. Malembedwe ace anali ndi zolakwa zambiri, ndipo ndibvomera kuti ndinayamba kuzicita mizere yofiira ndisanamve cimene alikunena. Nditafika pakati ndinaika colembera pansi. Kuyambira pamenepo ndiwerenga cimangirizo ciri conse kawiri, koyamba wopanda kanthu m'manja.

Cenjerani ndi kanema. M'caka ca 2019 Chiwetel Ejiofor anaturutsa kanema wa nkhani yomweyi, wojambulidwa kuno ku Malawi, ndipo mau ambiri a m'menemo ali m'Cicewa. Ngwabwino, ndipo ana amuone. Koma sali buku. M'kanema makina a mphepo akoka madzi a m'citsime, napulumutsa munda m'nyengo ya njala. M'buku makina oyamba anayatsa nyali ndi wailesi, ndipo za kukoka madzi zinadza patapita zaka, mwini wace atadziwika kale ndi kukalankhula ku Arusha m'caka ca 2007. Cifukwa cace mwana akalemba kuti madzi anathamanga m'mizere tsiku loyamba lomwelo, mwadziwa kumene watunga. Musamlange kolimba, koma mumpatse funso lina: Nanga wopanga kanema anasinthiranji potsiriza pace? Limenelonso ndi cimangirizo, ndipo ana acikulire alikonda.

Pali cina colemera cimene aphunzitsi a kutali sacidziwa, koma ife sitingacilambalale. Njala ija si nkhani ya m'buku cabe kwa ife. Pakati pa makolo a ana anu alipo amene anaika abale ao m'manda m'miyezi imeneyo, alipo amene anagulitsa mbuzi ndi ziwiya pa mtengo wamanyazi, ndipo alipo amene anacita zinthu zimene safuna kuzikumbuka. Musauze mwana kuti aimirire pamaso pa anzace ndi kufotokoza zimene a kwao anadya. Akafuna yekha kufunsa agogo ace, nalembe, ncabwino. Koma pepala lotere liwerengedwe ndi mphunzitsi yekha. Ndiponso anthu ochulidwa m'bukumo ndiwo anansi athu, ena amoyo, ena ana ao ali m'kalasi momwemo. Ana aweruze kalembedwe ka buku, asaweruze mabanja. Mukamva cimangirizo cayamba kusanduka miseche, cidule pomwepo.

Za cinenero ndinena mwacidule. Buku liri m'Cingerezi, ndipo mayeso ambiri ali m'Cingerezi; koma mwana ayambe kunena mlandu wace m'Cicewa, pakamwa, kwa mnzace wokhala naye pafupi. Ngati sangathe kuunena m'cinenero ca amace m'mpweya umodzi, sadzautha m'cinenero ca eni. Mau akuru akuru a Cingerezi akhala cobisalira ca mwana wopanda ganizo. Ndipo kumene buku liri limodzi ana ali ambiri, mphunzitsi awerenge mokweza mutu umodzi pa tsiku, ana ali ndi makope ao potsegula. Ali yense alembe cocitika cimene camgwira mtima ndi nambala ya tsamba lace. Pofika kumapeto ali yense ali ndi mboni zace m'kope, ndipo sadzalimbana pa buku tsiku la kulemba.

Pocongera, musacite mizere pa colakwa ciri conse, kuti pepala lioneke ngati mwaphera nkhuku. Funani zinthu ziwiri poyamba: kodi mlandu ulipo, ndipo kodi mboni zafunsidwa? Pansi lembani funso limodzi lokha limene mwana sanaliyankhe, nimumbwezere pepala kuti alembenso. Ana adzadandaula, pakuti ayesa kuti kulemba kaciwiri ndi cilango. Auzeni kuti mnyamata wa ku Masitala anayamba ndi kakang'ono koyesera asanaimike nsanja yaikuru. Zolakwa za malembo muzikonze pa kulemba kwaciwiri. Masabata awiri akwanira cimangirizo cimodzi: masiku atatu a kufunsana pakamwa, limodzi la kusankha mboni, ndi otsalawo a kulemba ndi kulembanso.